Agogo akathyoka m'nyung'unyu: mmene mungawathandizire kuti ayendenso

Amayi anga anagwa kubafa mu Febuluwale, mvula ili pakati. Bafa lathu ndi lija lakuseri kwa nyumba, lokhala ndi mwala waukulu wopondapo, ndipo mwalawo unali utachita ndere. Sikunali kugwa koopsa ayi. Anangoterereka n'kukhalira mbali imodzi, basi. Koma titafika tinapeza mwendo wakumanja ukuoneka waufupi kuposa unzake, phazi litagonera kunja, iwo akulephera ngakhale kuutukula. Kuchipatala atajambula anatiuza kuti fupa la ntchafu lathyoka kumtunda kwenikweni, m'nyung'unyu, paja mwendo umalumikizana ndi chiuno. Kwa munthu wachikulire, makamaka mayi amene anasiya kusamba kalekale, mafupa amakhala atapepuka, moti kugwa kumene mwana angadzuke n'kusasa fumbi kumatha kuthyola fupa lalikulu chonchi.

Opaleshoni inayenda bwino. Amene tinatsala pang'ono kuwalumalitsa ndife ana awo. Tinawagoneka, tinkawadyetsa, kuwasambitsa, kuwanyamula, aliyense akupikisana ndi mnzake posonyeza chikondi. Patatha milungu itatu anali atafooka kuposa tsiku limene anatuluka m'chipatala. Zimene ndalemba pano ndi zomwe ndikanakonda wina akanandiuza tsiku loyamba. Pamene zikusiyana ndi mawu a dokotala amene anaona chithunzi cha fupalo, tsatirani a dokotala.

Musanatuluke m'chipatala, funsani mpaka mumve

Kuthyoka m'nyung'unyu sikuchizidwa mofanana. Ena amawachotsa kamutu ka fupa n'kuwaikira kachitsulo. Ena fupa lawo amalimanga ndi chitsulo cham'mbali, kapena kulowetsa msomali wautali m'kati mwake. Palinso ambiri, makamaka m'zipatala za m'maboma, amene sachitidwa opaleshoni: amagonekedwa milungu ingapo mwendo ataukoka ndi cholemera. Pachipatala chapaboma amene mudzalankhule naye nthawi zambiri ndi kiliniko ofesa wa mafupa. Musamuderere. Maphunziro a anthu amenewa anayambira kuchipatala cha Queens ku Blantyre mu 1985, ndipo ndiwo asenza gawo lalikulu la ntchito ya mafupa m'dziko muno.

Funso loposa onse ndi ili: agogo aziponda bwanji ndi mwendowo? Aziponda ndi thupi lonse, azingoponda pang'ono, kapena asaponde n'komwe? Ndipo mpaka liti? Mukatuluka musanamve yankho, kunyumba mudzasankha zimene mantha akuuzani, ndiye kuwagoneka.

Funsaninso ngati pali makhalidwe oletsedwa. Amene aikidwa kamutu kachitsulo kawirikawiri amauzidwa kuti kwa milungu 6 kapena kupitirira, bondo lisakwere kuposa chiuno, asapingase miyendo, ndiponso asapotokole mwendo kuti phazi liloze m'kati, chifukwa kachitsuloko kakhoza kuguluka. Lembani tsiku lochotsa ulusi ndi tsiku lodzaonananso ndi dokotala. Kenako pitani kwa a mafizo, aja ophunzitsa odwala zolimbitsa thupi, muwapemphe akuonetseni ndi manja, osati pakamwa pokha. Ngati avomera, jambulani pafoni pamene akuchita. Ine ndinagwedeza mutu ngati ndamva zonse, koma nditafika kunyumba ndinali nditaiwala theka. Zipatala zazikulu za Queens, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu zili ndi anthu a mafizo, ndipo ku Blantyre kulinso Kachere Rehabilitation Centre ya bungwe la MAP, lothandiza anthu a ulumali. Funsani amene ali pafupi ndi kwanu.

Konzani pogona, pokhala ndi kuchimbudzi agogo asanafike

Mphasa yapansi iyambe yapuma. Munthu wothyoka m'nyung'unyu sangadzuke pansi, ndipo akagona pansi ndiye kuti tsiku lililonse azidikira womunyamula. Pezani bedi, ngakhale lobwereka. Agogo akakhala m'mphepete mwake, mapazi afike pansi bwinobwino koma chiuno chikhale chokwererapo pang'ono kuposa maondo. Likafupika, ikani njerwa zathunthu pansi pa miyendo yake, muonetsetse kuti silikugwedera. Mpando wandalema ndi sofa yofewa ija yomira, zonsezo ayi. Ufunika mpando wolimba, wautali, wokhala ndi pogwira mbali zonse ziwiri.

Nkhani yachimbudzi anthu saikamba, koma ndiyo imapha mtima wa wodwala kuposa ululu. Chimbudzi chokumba chimafuna kunjuta, ndipo kunjuta ndi chinthu chimene mwendowu sungachite kwa miyezi. Uzani kalipentala akhome mpando wamatabwa wokhala ndi pogwira, aboole pakati. Usiku muziuika pafupi ndi bedi, ndowa ili pansi pake. Masana muziukhazika pamwamba pa dzenje la chimbudzi. Musaboole mpando wapulasitiki, umafooka ndipo umatha kuthyoka munthu ali pomwepo.

Ife tinachitanso china chimene chinatithandiza kwambiri. Tinazika mitengo ya bulugamu kuchokera pakhomo lakuseri kukafika kuchimbudzi, n'kukhomerapo mtanda wofika m'chiuno kuti azigwira. Mtanda womwewo ndi umene unadzakhala malo awo ochitira mafizo. Chotsani mikeka yoterera, zingwe za tchaja zodutsa pansi ndi ndowa za m'njira. Tochi izigona pansi pa pilo. Masilipasi otha kumapazi asiyidwe, avale nsapato zogwira chidendene.

Mafizo a pabedi ayambe tsiku lomwelo

Mu 2007 ofufuza ena ku Arkansas, ku America, anagoneka pabedi achikulire athanzi kwa masiku 10 okha. Podzuka anali atataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa m'miyendo. Kilo ya nyama mumaidziwa kubutchala; ganizirani imeneyo itachoka m'ntchafu za agogo, amene anali oonda kale. N'chifukwa chake ku Britain malangizo a NICE, bungwe lolangiza achipatala, amati wodwala ayambe kudzutsidwa mawa lake la opaleshoni. Kugona kumabweretsanso chibayo, zilonda zapamsana ndi kuundana kwa magazi m'miyendo. M'maiko ambiri, mwa achikulire 10 alionse othyoka chonchi, awiri kapena atatu amamwalira chaka chisanathe, ndipo kawirikawiri chowatenga chimakhala matenda otsatira kugonako pamodzi ndi amene anali nawo kale.

Agogo atagona chagada, yambani ndi mapazi. Azikweza zala kuloza kumaso kwawo n'kuzitsitsa, monga amachitira telala popalasa makina osokera, ka 20 pa ola lililonse limene ali maso. Zimenezi zimayendetsa magazi, ndipo ngakhale amene mwendo wawo uli pa cholemera angathe kuchita. Kenako azikanikiza kuseri kwa bondo pamatiresi mpaka ntchafu iume, awerenge kufika 5, n'kumasula. Ikani dzanja lanu pansi pa bondolo muwauze kuti alipondereze. Amamva msanga kuposa kuwalongosolera. Azifinyanso matako chimodzimodzi. Chilichonse ka 10, katatu pa tsiku.

Ngati a mafizo avomereza, onjezani ziwiri. Azikoka chidendene kubwera nacho kumatako, bondo likupindika, n'kuchibweza. Azitsetserezanso mwendo kupita kumbali n'kuubweza pakati, zala zitaloza kudenga. Ikani jumbo pansi pa chidendene kuti chiziterera. Musaiwale chifuwa: apume mozama ka 10 pa ola, akhosomole ngati kuli makhololo. Amene sangatembenuke okha atembenuzeni pa maola awiri alionse, pilo ali pakati pa miyendo, ndipo muziyang'ana pamsana pam'munsi ndi pazidendene ngati pakufiira kapena kuda.

Mankhwala opha ululu apatseni monga adokotala analembera, ndipo mafizo muwachite patapita mphindi 30 kapena 45 atamwa. Musamawagulire Brufen kapena diclofenac kugolosale mwa inu nokha. Kwa okalamba mankhwala amenewa amatha kuwononga m'mimba ndi impso.

Kukhala tsonga ndi kuimirira

Nsima idyedwe atakhala pampando, osati pabedi. Lamulo limeneli lokha limawadzutsa katatu pa tsiku.

Podzuka, asendere m'mphepete mwa bedi, inu mutachirikiza mwendo wothyokawo mpaka mapazi afike pansi. Akhale kaye mphindi imodzi kapena ziwiri. Munthu amene wagona nthawi yaitali, makamaka womwa mankhwala a BP, amachita chizungulire akadzuka mothamanga. Ali chikhalire angathe kuwongola bondo, mwendo n'kuutukula kutsogolo, kuwerenga kufika 5, n'kutsitsa.

Poimirira musawakoke mikono kapena kuwagwira m'khwapa. Pindani chitenje chikhale ngati lamba, muchimange m'chiuno mwawo, inu mugwire chitenjecho kumbuyo mutaima mbali ya mwendo wothyoka. Iwo asendere kutsogolo kwa mpando, mwendo wothyoka auike patsogolo pang'ono, manja akankhe pogwirira pa mpando, n'kuimirira. Walker, chitsulo choyendera chija cha miyendo inayi, aigwire ataima kale. Akaikoka ali chikhalire imawagwera. Pokhala, abwerere m'mbuyo mpaka amve mpando kuseri kwa miyendo, afufuze pogwirira ndi dzanja, atsike mosadziponya.

Kuimirira ndi kukhala ndiwo mafizo aakulu kuposa ena onse, chifukwa ndi amene amasula munthu kuchimbudzi. Yambani ndi kawiri kapena katatu. Dzanja lanu pa chitenje lili pomwepo kuti asagwe, osati kuti liwanyamule. Apa ndi pamene ine ndinkalephera. Ndikaona nkhope ikukwinyika ndinkawatukula, ndipo ntchafu yawo siinkagwira ntchito iliyonse.

Kuyenda

Walker itsogole, mwendo wothyoka utsatire, womaliza ukhale wabwinowo. Pogwirira pake pafanane ndi polumikizira dzanja pamene agogo aima chilili manja atawatsitsa. Akadzafika pa ndodo, igwidwe ndi dzanja la mbali yabwino, ndipo iziyenda limodzi ndi mwendo wothyoka. Ambiri amaigwira mbali yolakwika. Pa sitepe ya pakhonde, pokwera utsogole mwendo wabwino, potsika utsogole wothyoka.

Kuyenda pang'ono kasanu pa tsiku kumaposa ulendo umodzi wautali umene uwagoneke mawa lonse. Mtunda muziuyeza ndi zinthu zimene akuziona: lero pakhomo la chipinda, mkuja pakhonde, sabata yamawa pamtengo wa mango, kenako pampanda.

Mtima ukakana

Zonse ndalembazi munthu angaziphunzire tsiku limodzi. Chovuta ndi m'mawa uja mwafika ndi chitenje chanu, agogo n'kutembenukira kukhoma.

Amayi ankati, "Iwe, ndisiye. Ndakula ine, ukufuna ndithamangire kuti?" Ine ndinkayankha kuti, "Amayi, adokotala anati muzichita mafizo kuti muchire." Mawu amenewa sanawadzutsepo ngakhale tsiku limodzi. Kuchira n'chinthu chakutali, pamene ululu uli pomwepo. Chinasintha zinthu ndi usiku wina pamene mlongo wanga kunalibe, ndipo anayenera kuwakhazika pa ndowa anali mkamwini wawo. M'mawa mwake anandiitana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Zimene zija zisadzachitikenso." Ndinawauza kuti njira yake ndi imodzi yokha, yoti athe kuimirira pampando okha. Tsiku lomwelo anaimirira kanayi.

Choncho musawasankhire cholinga. Afunseni chimene akuchisowa kwambiri, ndipo mudikire yankho ngakhale litachedwa masiku. Kwa wina ndi kudzisambitsa. Kwa wina ndi kukaona mbuzi kukhola, kukakhala pabawo ndi anzawo, kapena kukafika kumzikiti Lachisanu. Kwa amayi, chimbudzi chitatheka, cholinga chinasamukira pa yunifolomu yawo ya Mvano imene inali pamsomali kuseri kwa chitseko. Ndinaichapa, n'kuisita, n'kuipachika poti aziiona ali pabedi. Sindinanene kanthu.

Katswiri wina wa za maganizo, Albert Bandura, analemba mu 1977 kuti munthu amalimbikira chinthu akakhulupirira kuti angachithe, ndipo chimene chimamanga chikhulupiriro chimenechi kuposa zonse ndi kuchita n'kuona kuti zatheka. Ndiye ntchito ya tsiku lililonse ikhale yoti agogo aimalize. Ngati angathe kuimirira kasanu, pemphani kanayi. Akamaliza iwo eni adzafuna kachisanu. Ndipo kupambanako kuzioneka ndi maso. Amayi sawerenga bwino, choncho kalendala sinawathandize. Tinatenga botolo la Sobo ndi mbale ya chimanga: akaimirira kamodzi, njere imodzi m'botolo. Mdzukulu wawo wa Sitandade 3 ndiye anali mlembi, ndipo sankalola chinyengo. "Agogo, imeneyo sindiwerenga, amalume anakukokani." Mwana amatha kunena zimene ife akuluakulu tikanena zimasanduka mwano.

Kuona mnzawo nakonso kumagwira ntchito kuposa ulaliki wathu. Ngati m'mudzi kapena kutchalitchi kuli wachikulire amene anathyokapo ndipo pano akuyenda, mupempheni abwere adzacheze. Asabwere kudzalangiza, angolowa pakhomo ndi ndodo yake. Koma muzisefa alendo. Alipo ena obwera kudzazonda amene nkhani yawo imakhala ya uje amene anathyoka chomwechi ndipo sanadzukenso. Oterowo aperekezeni msanga. Amene afika ndi mtima wabwino apatseni ntchito: m'malo mozinga bedi, akhale pakhonde, agogo ayende kukawapeza.

Poyamikira nenani chenicheni chimene mwaona. "Mwayesetsa" ndi mawu ouza mwana, ndipo achikulire amadziwa pamene tikuwanyengerera. Nenani kuti, "Amayi, Lolemba munafika pachitseko, lero mwafika pamtondo." Osawakalipira, osawachititsa manyazi pamaso pa anthu, ndiponso osawaopseza kuti mukapanda kuchita mufa. Munthu woopa amaumitsa thupi, ndipo thupi louma limagwa msanga.

Mantha aakulu ndi a kugwanso, ndipo ndi mantha oona, musawatsutse. Asonyezeni chitenje chili m'dzanja lanu, mpando uli kumbuyo kwawo, mtanda uli pambali. Mantha achiwiri ndi a ululu: agogo akamva kupweteka amaganiza kuti fupa likuthyokanso. Gwirizanani njira yoyezera. Ife tinkagwiritsa ntchito zala za dzanja limodzi. Chala chimodzi kapena ziwiri, tipitirize. Zitatu, tichepetse. Zinayi kapena zisanu, tileke. Kuwawa kwa minofu kumene kumatha akapuma ndipo mawa lake sikunakule ndi kwa ntchito, ngati kuja kwa tsiku loyamba kulima. Ululu wobaya, wadzidzidzi, kapena umene ukukulirakulira tsiku ndi tsiku ndi wopita nawo kuchipatala.

Mafizo muwamangirire ku chinthu chimene chimachitika kale tsiku lililonse, kuti pasamakhale kukambirana. Kwathu zinali akatha kumwa phala, nkhani zamasana zikayamba pawailesi, ndiponso nkhuku zikamalowa. Tsiku loipa lidzabwera ndithu, mwina chifukwa sanagone bwino kapena kwachitika maliro a mnzawo. Tsiku limenelo musakokane. Pemphani mapazi a telala aja ndi kudya atakhala pampando, zikwane. Choopsa ndi masiku atatu otsatizana opanda kanthu.

Pali zinthu ziwiri zimene si ulesi ndipo sizithetsedwa ndi kulimbikitsa. Choyamba, agogo akakhala milungu iwiri osafuna kudya, osagona, osafuna kuona anthu, akungonena za imfa, auzeni achipatala. Matenda a kukhumudwa amagwira okalamba ambiri akathyoka, ndipo ali ndi chithandizo. Chachiwiri ndi kusokonezeka mutu kwadzidzidzi: kubwebweta usiku, kuona anthu amene palibe, kusazindikira ana awo. Zimachitika kawirikawiri pambuyo pa opaleshoni, ndipo gwero lake limakhala matenda a m'chikhodzodzo kapena m'chifuwa, kuchepa kwa madzi m'thupi, ululu, kudzimbidwa kapena mankhwala. Ndikunena izi motsindika chifukwa kwathu kuno nkhalamba ikayamba kutchula maina a anthu akufa pakati pa usiku, pamapezeka wina wonena kuti yayamba kuulula za ufiti. Munthuyo akudwala, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo.

Fupa likagwira, musaleke

Fupa limatenga milungu 6 mpaka 12 kuti ligwirane, ndipo mabanja ambiri amalekera pomwepo: agogo akufika pakhonde ndi ndodo, basi achira. Koma mphamvu ndi kukhazikika zimabwerera mochedwa kuposa fupa. Ku St. Louis, ku America, kafukufuku wa mu 2004 anatenga achikulire 90 amene anali atamaliza kale mafizo a masiku onse. Amene anapitiriza kwa miyezi 6 ndi mafizo onyamula zolemera, zomawonjezeredwa pang'onopang'ono, anapeza mphamvu ndi kuyenda bwino kuposa anzawo amene ankangochita zopepuka kunyumba. Mnofu wa munthu wa zaka 80 umakulabe ukapatsidwa ntchito.

Dokotala akavomereza kuti aziponda ndi thupi lonse, pitani pa mtanda uja kapena pawindo lolimba. Atagwira ndi manja onse, anyanyamphire pa zala n'kutsika. Atukule mwendo kumbali, thupi lili chilili, osapendekeka. Aubweze kumbuyo osawerama. Agube pamalo amodzi. Apinde maondo pang'ono ngati akufuna kukhala, n'kuwongoka. Chilichonse ka 10, apume, abwerezenso. Masiku atatu pa sabata, kuyenda kokha tsiku lililonse. Ka 10 kakayamba kupepuka, thirani mchenga m'sokosi yakale, wolemera ngati botolo la madzi la theka la lita, mumange pa akakolo. Ukapepukanso onjezerani. Kuimirira pampando kuja nakonso kukule: poyamba ndi manja awiri, kenako limodzi, pomaliza manja ali pachifuwa.

Kukhazikika kumaphunziridwa pakokha. Aime mapazi ataphatikiza, kenako phazi lina patsogolo pa linzake chidendene chitagunda zala, masekondi 10 mpaka 30, inu muli pambali. Ayende cham'mbali motsatira mtanda. Dzanja lichoke pa mtandawo pang'onopang'ono, kuchoka pa kugwira kufika pa chala chimodzi. Mafizo a mtundu umenewu ndi amene ali m'ndondomeko ya Otago ya ku New Zealand, imene inachepetsa kugwa kwa okalamba ndi pafupifupi 35 pa 100 alionse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO nalo limati achikulire azichita zolimbitsa minofu ndi kukhazikika masiku atatu kapena kuposa pa sabata.

Ntchito zapakhomo zibwerere m'manja mwawo msanga. Kusankha nyemba, kutongola chimanga, kusenda mtedza, kupatsa nkhuku madeya, kutsuka makapu ataima patebulo. Kusinja, kusenza ndowa ndi kuwerama ndi khasu zidikire mawu a dokotala.

Chakudya

Phala lamadzi ndi tiyi sizimanga mnofu. Munthu wa makilogalamu 60 amene akuchira afunika zomanga thupi zokwana magalamu pafupifupi 70 pa tsiku, pamene dzira limodzi lili ndi 6 okha ndipo kapu ya mkaka ili ndi 8. Ndiye pa chakudya chilichonse pazikhala kanthu: nsinjiro kapena soya m'phala, nyemba, nandolo, mazira, chambiko. Usipa ndi bonya n'zabwino kawiri chifukwa timadya ndi minga yomwe, ndipo mingayo imalimbitsa mafupa. Mano akavuta, sinjani usipa wouma muthire m'ndiwo. Amene ali ndi vuto la impso afunse kaye kuchipatala. Yang'anirani madzi: okalamba amadzimana dala kuti asavutitse anthu ndi za kuchimbudzi, kenako amadzimbidwa n'kudwala chikhodzodzo. Aziwothera dzuwa lam'mawa pakhonde. Fodya ndi kachasu zimachedwetsa fupa, ndipo kachasuyo amagwetsanso.

Kwa inu amene muli ku Joni kapena ku UK ndipo mumatumiza ndalama: mabotolo a mavitamini odula aja sindiwo oyamba. Lipirani kalipentala wa mpando, walker, mazira, thiransipoti yobwerera kuchipatala, ndipo ngati n'kotheka wa mafizo woti azifika pakhomo. Mukaimba pa WhatsApp musamangofunsa kuti mwadzuka bwanji. Nenani kuti, "Amayi, tayendani ndikuoneni."

Zimene sizidikira mawa

Thamangirani kuchipatala ngati katumba watupa mbali imodzi, akutentha ndi kupweteka. Ngati agogo akubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa mwadzidzidzi. Ngati bala likufiira, likutuluka mafinya kapena thupi latentha. Ngati mwendo wafupika kapena kupotoka mwadzidzidzi ndipo akulephera kuponda pamene dzulo amaponda. Ndiponso ngati agwanso, ngakhale iwo akuti palibe chimene chachitika. Katumba wotupa musamusisite kapena kumuthowa, chifukwa ngati muli magazi oundana angathe kuthothoka n'kupita kumapapo. Ndipo pabala la opaleshoni pasatemedwe mphini kapena kupakidwa mankhwala a zitsamba.

Popita kukaonananso ndi dokotala, funsani ngati agogo afunika mankhwala olimbitsa mafupa, chifukwa amene wathyokapo kamodzi amakhala pachiopsezo chothyokanso. Tengani mankhwala onse amene amamwa awaone ngati ena sakuwachititsa chizungulire, ndipo maso akapimidwe. Ng'ala imagwetsa okalamba ambiri, chonsecho opaleshoni yake ndi yaifupi.

Amayi anavala yunifolomu ija patatha miyezi isanu ndi iwiri. Tinawatengera pagalimoto mpaka pageti la tchalitchi, kuchokera pamenepo anayenda okha ndi ndodo. Amatsimphinabe, kukazizira amadandaula, ndipo kudimba lakumtsinje sanabwerereko. Tinawalimira kamunda ka masamba kuseri kwa khitchini, pamabedi okwera oti asamawerame. Mwala wa kubafa tinauchotsa n'kuthira simenti yokhakhala, tinaikamo benchi ndi pogwira. Nkhondo imene yatsala ndi ya masilipasi: nsapato zimene tinawagulira amazisunga m'chikwama kuti n'zakutchalitchi, ndipo masilipasi akale aja ndawabisa katatu, katatu konse awapeza.